Gawo la Namalema

Tsabola anawamva mawuwo ali pamzere wodikira basi, kuchokera pakamwa pa munthu amene sankamudziwa. Munthuyo anali mmisiri, thumba la zida lili paphewa, ndipo ankakangana ndi mayi wina amene anamumangira mpanda koma chipata n'kuchisiya chopanda chotsekera. Mayiyo ankamuloza chala mpaka pamphuno. Mmisiriyo anangotambasula manja.

"Mayi, musandipanikize. Chipatacho ndi gawo la Namalema."

Mzere wonse unafa nalo phwete, ngakhale mwini mpanda uja anabisa kukamwa. Tsabola yekha ndiye anayang'ana pansi, makutu akutentha. Mawuwo anawalemba ndi iye, patebulo la kukhitchini, koma Namalemayo sanali wake, ndipo pamzere ponsepo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mwini wake.

Sewero lake la pa wailesi linkatchedwa Chombo Chosatha. Linkanena za chombo cha mlengalenga chimene chinanyamuka amisiri asanachimalize, chifukwa dziko linali litayamba kupsa ndipo nthawi inali itatha. M'mimba mwake munagona anthu miyandamiyanda m'mabokosi ozizira, kudikira kukadzuka pafupi ndi dzuwa lina. Wamaso anali mmodzi yekha, mayi wokonza makina, amene omvera ankangomudziwa kuti Sipanala. Sabata iliyonse china chake chinkaguluka, kaya paipi ya mpweya kaya chitseko cha panja, ndipo Sipanala ankakwawa m'ngalande za chombocho, akutukwana, akumanga.

Munthu wotero amafunika wolankhula naye, ndipo Tsabola atafika pamenepo mutu unauma. Sipanala anabadwira m'chombo momwemo, tchalitchi sanachionepo, ndiye kuti azipemphera monga apempherera anthu a pansi pano sizinkamveka. Tsabola anakabwereka kwa malume ake.

Malumewo, amene anamulera mayi ake atamwalira, anali odula makiyi komanso mlakatuli. Ndakatulo zawo zaka zonsezi zinali za mulungu mmodzi amene anamupeka okha: Namalema, mlongo wake wa Namalenga. M'ndakatulomo, Namalenga atalenga zikuluzikulu anapita kokapuma n'kusiyira mlongo wake zotsalira, ndipo mlongoyo chilichonse ankachiyamba bwino koma n'kulema pakati. Mwezi anauumba theka, n'chifukwa chake mpaka lero umayesa kudzaza wokha n'kubwereranso. Nyanja anaiwala kuivundikira. Mawere a abambo anangoikapo zizindikiro, nati adzamaliza akadzapuma. Anabereka ana atatu, Mawa, Patsalapang'ono ndi chitsirizira Ndikubwera, ndipo atatuwa ndiwo amalamulira amisiri, matelala ndi maofesi onse a padziko.

Sipanala anazitenga zonsezi ngati zake. Akakwiya ankalumbira pali Namalema. Nyenyezi zimene chombo chinkalephera kuzifika ankazitcha mayina a ana atatu aja. Akamamanga chitsulo, bawuti lomaliza sankalikhwimitsa mpaka kumapeto, ankalisiya lopumira pang'ono, nati limenelo ndi gawo la Namalema, chifukwa chinthu chopangidwa ndi munthu chikati ndatha chimasweka. Sabata ina bawuti lotayirira lomwelo ndi limene linapulumutsa chombo, zitsulo zitafufuma ndi kutentha. Kuyambira pamenepo mawuwo anatuluka m'wailesi n'kulowa mumsewu.

Basi inachedwa, ndipo Tsabola anafika ku wailesi thukuta lili kamukamu. Mkonzi wa mapulogalamu anali mu ofesi yake yopanda zenera, akumwera mapiritsi a zilonda za m'mimba tiyi wozizira. Anamulandira akumwetulira, zimene sizinkachitikachitika. Anamuuza kuti foni siikupuma. Bambo wina anaimba kulumbira kuti malemu bambo ake ankamutchula Namalema nthawi zonse njinga ikafa. Mphunzitsi wina ankafunsa buku limene angapezemo nthanoyi. Ndipo kampani ya simenti imene inkathandiza pulogalamuyo inapempha kuti Lamlungu, chigawo chomaliza chikatha, muulutsi adzatseke ndi mawu akuti seweroli lachokera ku nthano zakale za makolo athu. Chiganizocho Mkonzi anali atachilemba kale.

"Makolo ake ati?" anafunsa Tsabola.

"Athu, sisi. Anu ndi anga."

"Kholo lake lili moyo, bwana. Likudula makiyi kuseri kwa sitolo ya nsapato, likutsokomola fumbi la chitsulo."

Mkonzi anaika kapu pansi. Anati akudziwa, Tsabola anamuuzapo kale za malumewo, koma anthu akonda kuti nthanoyi ndi yakale, ndiye kuwalanda chisangalalo chawo n'kupindulanji? Anatinso munthu wanzeru angasangalale kuti zimene anapeka zafika poti anthu akuziyesa zenizeni. Tsabola anaimirira mpaka mpando unagunda kabati. Anati munthu akaba njinga amatchedwa wakuba, koma akaba mulungu wa mnzake amati ndi chikhalidwe. Anati akuchotsa chigawo chomalizacho. Mkonzi anamukumbutsa kuti chinajambulidwa kale ndipo chili m'kompyuta. Tsabola anati ndiye Lamlungu adzaima pageti ndi chimkuzamawu cha ogulitsa mankhwala a makoswe n'kulengeza yekha, ndipo a simentiwo adzamumva ali kwawo.

Mkonzi anamuyang'ana, dzanja lili pamimba. Ankamudziwa. Mtsikana ameneyu anabwera koyamba ndi sewero lolemba pamanja kumbuyo kwa mapepala a kalendala, ndipo anakhala pabenchi ya panja mpaka wina analiwerenga.

"Mubweretse umboni," anatero. "Chinthu chogwirika, chokhala ndi dzina ndi chaka. Ndikachiona ndikupatsani mzere umodzi. Mzere, sisi, osati ulaliki."

Kabenchi ka malume kanali m'kanjira kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi khoma la malo ometera. Pamwamba panali lata limodzi, pakhoma makiyi osadula akulendewera pamisomali, ndipo pansi ponse pankanyezimira fumbi lachikasu. Tsabola anawapeza atawerama pa makina, magalasi ali kumphuno, akusalaza kiyi ndi tupa. Atawauza nkhaniyo, tupa linaima. Anafunsa ngati dzina lawo lidzatchulidwe lonse, la bambo awo lomwe. Anafunsa ngati adzawerenge ndi muulutsi wa mawu aakulu uja kapena kamnyamata kothamangitsa mawu ngati kakuthawa galu. Kenaka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ngakhale malayawo ndi amene anali akuda.

"Zaka zonsezi, Tsabola," anatero. "Ndawerengera zidakwa, ndawerengera odikira makiyi. Wina anagona ine ndili pakati pa ndakatulo ya mwezi."

Anaitana wometa wa kuseri kwa khoma, naitananso wosoka nsapato, ndipo pamaso pawo anafotokozanso nkhani imene Tsabola anaimva kuyambira ali mwana, ya mmene Namalema anabadwira. Ali mnyamata ankalemba ndakatulo zotamanda Namalenga, zonga za aliyense. Tsiku lina anapereka imodzi kuti itayipidwe, ndipo pepala litabwera anapeza kuti chala cha wotayipa chaterereka: pamene panayenera kukhala Namalenga panali Namalema. Anafuna kung'amba pepalalo, koma maso anakakamira pa liwulo. Analitchula mokweza, ndipo tsitsi linawaima. Ankati mulunguyo anadzibweretsa yekha, anangobwereka chala cha munthu.

Wometa anati Lamlungu atulutsa wailesi yake yaikulu n'kuiika pampando wometera, anthu adzamvere onse. Malume anati jekete lawo lakuda likufunika kusita.

Umboni unalipo. Kunyumba, pansi pa sutikesi, panali kabuku ka ndakatulo zoyambirira, kotayipa pa makina akale n'kusokedwa ndi ulusi, dzina ndi chaka zili pachikuto. Koma malume anakana kuti kabukuko kalowe m'manja mwa anthu a wailesi. Anati anthu amene anafuna kuba mulungu sangalephere kuba pepala. Anamuuza Tsabola kuti akatengere kwa azakhali ake akachite fotokope.

Azakhali, akazi awo a malume, ankagwira ntchito m'kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope, pansi pa masitepe a nyumba yosanja. Munali motentha ngati mu uvuni. Makina a fotokope ankadya theka la chipinda, ndipo azakhali ankakhala pakona, msana kukhoma, akutayipa makalata ofunsira ntchito a anthu amene ankaima pakhomo kuwauza zolemba. Tsabola anadikira mpaka wotsiriza anachoka, phazi likugunda pansi. Kenaka anatulutsa kabuku kaja n'kufotokoza zonse mothamanga, za Mkonzi, za simenti, za mzere umodzi.

Azakhali anakatembenuza kabukuko. Anakaika pagalasi la makina, natseka, ndipo kuwala kunayenda. Anafunsa ngati malume afotokozanso za chala chija. Tsabola anati inde, pamaso pa wometa.

"Anakuuza kuti chala chake chinali cha yani?"

Tsabola anapukusa mutu. Nkhaniyo anaimva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse anali wotayipa basi, wopanda nkhope. Sanafunsepo.

Azakhali anakokera kiyibodi patsogolo pake n'kuloza ndi chikhadabo. Anamuonetsa N, namuonetsa M pambali pake. Anati zimenezi n'zoyandikana, mwana wophunzira kumene akhoza kuphonya.

"Nanga G anapita kuti? Ali uku, mzere wina, dzanja lina. Uphonye N, uiwalenso G, m'liwu limodzi? Ine ndinali woyamba m'kalasi mwathu, mwanawe. Sindinkaphonya."

Anafotokoza akusanja mapepala, osamuyang'ana. Nthawi imeneyo anali atangokwatiwa, mwana woyamba ali kumsana. Ankatayipa ku ofesi tsiku lonse, n'kubwera kunyumba kudzaphika ndi kuchapa, ndipo akati akhale pansi, bambo ankabwera ndi ndakatulo ina kuti mawa ikatayipidwe pa nthawi yopuma. Zonse zinali zotamanda Namalenga amene anagwira ntchito n'kukapuma. Tsiku limenelo manja ankapweteka, anzake apita kukadya, iye ali ndi tamando lachisanu sabata imodzi. Anatayipa Namalema dala, kuti mwini ndakatulo akaona afunse kuti walema ndani.

"Anafunsa?"

"Anabwera akuthamanga. Akuti, mayi, taonani chimene Mulungu wandipatsa. Anandipsompsona pachipumi, n'kundipatsa zina zitatu."

Anaseka, koma chiseko chachifupi. Tsabola sanaseke nawo. Anafunsa chifukwa chimene sananenere zaka zonsezi. Azakhali anati poyamba anadikira kuti bamboyo azindikire yekha, kenaka ana anachuluka, kenaka nkhaniyo inakoma kwambiri moti kuiwononga kunali ngati kuswa galasi la munthu wosauka. Anatinso Namalema wa m'ndakatulo si amene iye ankanena. Malume anamupanga kukhala dona wokongola woyasamula, woyamba zinthu n'kuzitaya. Iye ankanena munthu amene wagwira zonse, za iye ndi za mchimwene wake zomwe, mpaka manja akana.

"Koma Sipanala wakoyo," anatero akumupatsa mapepala otentha, "ameneyo ndimamumvera. Anthu onse ali mtulo, iye ali m'mapaipi. Ameneyo amamudziwa Namalema kuposa malume ako."

Tsabola anati dzina la azakhali liyenera kutchulidwa. Azakhali anakana msangamsanga. Anati dzina lawo likamveka pa wailesi abale adzayesa kuti amwalira, ayamba kubwera ndi misozi. Anati amusiye mkuluyo adye tsiku lake. Koma pamene Tsabola ankatuluka, anamuitananso n'kumufunsa, maso ali pa kompyuta, kuti mzere umodzi wa pa wailesi umalowa mawu angati.

Tsabola sanakwere basi. Anayenda wapansi, mofulumira, akudutsa pakati pa ogulitsa zovala ndi magalimoto oima, mapepala atawapinda m'dzanja. Anali atamenya nkhondo yofuna chilungamo m'mawa womwewo, n'kupambana, ndipo tsopano chilungamocho chinali chitasuntha n'kukakhala pena. Ankadziuza kuti adikire, alankhule mawa mtima utazizira. Miyendo inamufikitsa pa kabenchi ka makiyi mtima usanazizire.

Malume anali okha, akusesa fumbi ndi kaburashi. Tsabola sanawapatse moni. Anawafunsa kuti wotayipa uja anali ndani. Anayankha mosadabwa kuti anali azakhali ake, nanga akanakhala ndani, aliyense akudziwa. Tsabola anati palibe akudziwa chifukwa iwo sanatchulepo. Ndiye anawauza zonse, za N ndi M, za G, za manja opweteka, ndipo sanasankhe mawu ofewa.

Poyamba malume anaseka, nati azakhali ake akumunamiza, akazi amakumbukira zinthu mmene akufunira. Tsabola anawauza kuti atenge foni yawo ayang'ane pamene pali G. Sanaitenge. Anakhala pansi pa kampando kawo, kaburashi kali m'manja.

"Liwu limodzi si mulungu," anatero kenaka, motsitsa. "Mwezi anaumba ndani? Ana atatu aja anabereka ndani? Ndakhala ndi Namalema zaka zoposa zako. Ndamupatsa nyumba, ndamupatsa mawu. Wina anangotaya mbewu pansi mwaukali, wolima ndine."

"Popanda mbewuyo mukanalima chiyani, malume?"

"Ndiwe mwana."

"Ndine mwana, koma ndimafunsa munthu akalema."

Anangoti atanena anadziwa kuti wapyola malire. Malume anavala magalasi pang'onopang'ono. Anati wometa wauza kale msewu wonse. Anati ngati Tsabola akufuna kuwaimika pamaso pa anzawo ngati munthu amene mulungu wake anali chitonzo cha mkazi wake, achite, koma dzina lawo alichotsemo. Litchulidwe limodzi, lawo kapena la azakhali. Awiri pamzere umodzi ayi. Anatenga kiyi pamsomali n'kuyatsa makina, ngakhale panalibe kasitomala, ndipo phokosolo linatseka nkhani.

Masiku otsalawo m'nyumba munali ngati mwagona wodwala. Malume ankadya msanga n'kutuluka. Azakhali anazindikira tsiku lomwelo kuti mwana walankhula, ndipo anamuuza pamene ankatsuka mbale kuti pakamwa pake m'pobowoka ngati sefa. Jekete lakuda analisita ndithu, n'kulipachika pachitseko, ndipo palibe analitchula. Tsabola ankalephera kukhala pansi. Ankalemba mzerewo n'kufufuta. Akalemba dzina la malume lokha, ankaona chikhadabo chija chikuloza G. Akalemba la azakhali lokha, ankaona mwezi, nyanja ndi ana atatu, zimene azakhali sanazipeke. Akalemba onse awiri, ankamva makina a makiyi akulira popanda kasitomala. Mkonzi atalandira mapepala a fotokope anagwedeza mutu n'kunena kuti lonjezo ndi lonjezo, abweretse mzere wake Lamlungu pulogalamu isanayambe.

Lamlungu masana malume anavala jeketelo. Potuluka anamuyang'ana Tsabola kamodzi, ndipo m'maso mwawo munali pempho limene pakamwa sipakanalinena. Azakhali anatsala, ati ali ndi zochapa.

Situdiyo inali kachipinda kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma, konunkha fumbi la kapeti. Muulutsi wa mawu aakulu uja ndi amene anali pa ntchito. Anatambasula dzanja kuti alandire pepala, koma Tsabola anati adikire kaye, ndipo anakhala pampando wa pakona chigawo chomaliza chikuyamba kumveka.

Chombo chinali chitafika pa dzuwa latsopano. Chotsala chinali kudzutsa ogona, ndipo makina odzutsira anali m'gulu la zinthu zimene amisiri sanamalize. Sipanala anagwira ntchito mpaka zala zinachita matuza. Atamaliza, asanakanikize batani, anakhala pansi pakati pa mabokosi ozizira n'kulankhula ndi Namalema monga ankachitira. Anamuuza kuti anthuwa akadzuka adzaona dzuwa, adzaimba, adzatamanda amene anamanga chombo, ndipo palibe adzafunse kuti m'mapaipi munkakwawa ndani. Anati sakudandaula, akungonena. Kenaka anafunsa, ndi mawu otopa a mayi amene ankasewera mbaliyo: "Iwe, mwezi uja utausiya theka, alipo anabwera kudzakufunsa kuti manja akupweteka?"

Mawu amenewa Tsabola anawalemba kale, asanadziwe chilichonse, akuyesa kuti akungopeka. Kuwamva tsopano kunamuchititsa manyazi ndi ukali pamodzi. Anatulutsa cholembera, natsamiritsa pepala pabondo, n'kulemba. Nyimbo yotsekera itayamba anampatsa muulutsi. Mkonzi, amene anaima kuseri kwa galasi, anakweza chala chimodzi kumukumbutsa. Unali mzere umodzi ndithu, wautali.

Muulutsi anawerenga bwino, mosathamanga. Anati Namalema si wa makolo akale, anatchulidwa koyamba ndi mayi wotayipa, natchula dzina lawo lonse, ndipo analeredwa m'ndakatulo za amuna awo odula makiyi, natchulanso lawo lonse, la bambo awo lomwe.

Tsabola sanadikire kuti Mkonzi anene maganizo ake. Anapita molunjika ku kanjira ka makiyi. Anthu anali adakali pamenepo, wailesi ili pampando wometera, koma malume panalibe. Wometa anamuuza akuseka kuti dzina la mayi litamveka anthu anakuwa, wosoka nsapato anafunsa ngati jeketelo silinayenere kuvalidwa ndi mayiwo, ndipo mkuluyo anaimirira n'kunena kuti iye ankadziwa kuyambira kale, iye ndi mkazi wake amagwira ntchito limodzi. Atatero anatseka kabenchi n'kumapita, osatsanzika. Wometa anati nkhope yawo sinali ya munthu wodziwa kuyambira kale.

Kunyumba anamva mawu asanatsegule chitseko. Anaima pakhonde. Malume ndi azakhali anali kukhitchini, ndipo ankakangana mokweza, zimene Tsabola sanazimvepo m'nyumba imeneyo. Anayembekezera kumva za manyazi, za wometa, za iye. Koma ankakangana za mwezi. Azakhali ankati Namalema sanausiye theka chifukwa choyasamula, dothi ndi limene linatha, mchimwene wake anawonongera lonse pa mapiri opanda ntchito. Malume ankati zimenezo mulibe m'ndakatulo iliyonse. Azakhali anati mulibe chifukwa wolembayo sanafunse. Malume anati ngati zili choncho ndiye kuti ana atatu aja sakumveka, mayi wakhama angabereke bwanji Mawa ndi Ndikubwera? Azakhali anati anawo anatengera kwa bambo awo, ndipo bamboyo ndakatulo zonse sizimutchula, n'zodabwitsa.

Tsabola anakankha chitseko. Onse awiri anatembenuka. Azakhali anali ndi thovu la sopo mpaka m'zigongono, maso ofiira. Foni ya azakhali inkalira patebulo osaiyankha. Malume anali adakali m'jekete, atakhala pa ndowa yovundikira, pepala lili pabondo ndi pensulo m'dzanja, ndipo pa pepalapo panali palembedwa kale mizere ingapo.

"Malume," anayamba Tsabola.

"Mayi wolemba masewero," anatero malume, mwaulemu umene unamupweteka kuposa mbama. Dzina limene anamupatsa okha ali wakhanda sanalitchule. "Mwachita zimene munafuna. Ine ndinakupemphani chinthu chimodzi."

"Inenso ndinakupempha chimodzi," anatero azakhali. "Mchemwali wanga waimba kale, akulira."

Tsabola anafuna kunena kuti zinali zoona, kuti mzerewo unalibe bodza ngakhale limodzi, kuti akanati abwerere ku situdiyo akanalembanso chimodzimodzi. Mawuwo anali okonzeka pakamwa, otentha. Koma malume anali atabwezera kale maso pa pepala, ndipo anafunsa akazi awo, osati iye, kuti dothilo linatha Namalema ali mbali iti ya mwezi.

Azakhali anapukuta manja pa nsalu n'kukoka mpando.

"Tatulukani kaye, mayi," malume anauza Tsabola osadzutsa mutu. "Tikugwira ntchito."